Ndikufuna kudzalowa ntchito ya ukazembe koma nkhani ya Chester Crocker yandiimika mutu

Nangozo: Mwaswera bwanji nonse akuluakulu. Pepani ndilemba zazitali pang'ono. Ndili chaka chomaliza ku yunivesite, ndikupanga za ndale ndi maubale a mayiko, ndipo chiyambire ndili fomu 3 mtima wanga uli pa ntchito ya ukazembe basi. Ndiye semesita ino atipatsa asayimenti yoti aliyense asankhe munthu mmodzi amene anagwirapo zonse zitatu, kuphunzitsa ndi kulemba za ndale za mayiko, za chitetezo cha dziko, ndi ukazembe weniweniwo. Ine ndasankha Chester Crocker wa ku America. Munthuyu anatenga PhD ku Johns Hopkins mu 1969, kenako anakagwira ku National Security Council nthawi ya Kissinger kuyambira 1970 mpaka 1972, nkupita kukaphunzitsa ku Georgetown, ndiye Reagan atalowa mu 1981 anamupatsa udindo woyang'anira nkhani zonse za Africa ku State Department, unduna wawo wa za kunja, ndipo anakhalapo mpaka 1989. Poyamba ndimamusirira kwambiri, ndimati njira ndi imeneyi, kalasi kenako ofesi kenako kalasi. Koma pamene ndikuwerengabe mtima ukundiwawa ndipo sindikudziwa ngati ndilembe zomuyamikira kapena zomudzudzula. Amene munaliko nthawi imeneyo tandithandizani chonde.

Mbewe wa ku Joni: Mphwanga usavutike, lemba zomudzudzula. Kuno ukatchula constructive engagement, mfundo yake ija yokambirana ndi boma la tsankho la South Africa m'malo molisala, kwa madala amene anali mu struggle nkhope zimasintha pompo

Nangozo: Ndiye mundifotokozere bwino achimwene, chifukwa papepala mfundoyo ikumveka ngati yanzeru

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga wafunsa bwino. Ndiyambe ndi kukuuza kuti mfundo imeneyo anailemba asanalowe m'boma, inatuluka mu magazini ya Foreign Affairs kumapeto kwa 1980, ndipo ndi imene inamutsegulira chitseko. Ganizo lake linali loti boma la tsankho la ku Pretoria sungalisinthe polilalatira ndi kulisala, koma uzikhala nalo pansi, lizikukhulupirira, ndiye uzilikankha pang'onopang'ono. Chachiwiri chimene anabweretsa ndi chija ankati linkage. Bungwe la United Nations linali litagamula kale mu 1978, chigamulo nambala 435, kuti South Africa ichoke ku Namibia anthu avote. Iye anati South Africa siingachoke pamene asilikali a Cuba ali ku Angola, ndiye zinthu ziwirizi tizimange pamodzi, Cuba ichoke ku Angola, South Africa ichoke ku Namibia. Mayiko a kuno anakwiya nazo kwambiri chifukwa ufulu wa Namibia unali kale ngongole yoti iperekedwe, sunayenere kuikidwa pa mtengo wina.

Mbewe wa ku Joni: Ndi zimenezo a Sir. Munthu wakubera ng'ombe, khoti lagamula kuti abweze, kenako wina akubwera nkunena kuti abweza pokhapokha neba wako athamangitse alendo ake. Zaka 12 zinadutsa kuchokera 1978 mpaka 1990, ana angati anafa ku Namibia ndi ku Angola mu zaka zimenezo?

Phiri wa ku Lusaka: Ine ndinali mnyamata mu 1986 pamene ndege za South Africa zinaponya mabomba kufupi ndi Lusaka mwezi wa May, tsiku limodzi lomwelo anamenyanso Harare ndi Gaborone. Amayi anatitsekera m'nyumba tsiku lonse. Ndiye munthu akamati tinali kuwanyengerera kuti asinthe ine ndimafunsa, kusintha kwake nkumeneko? Bishopu Tutu anakawauza pamaso ku Washington mu 1984 kuti mfundo imeneyi ndi yoipa ndipo siyachikhristu. Ngakhale aphungu a ku America komweko anatopa nazo, mu October 1986 anakhazikitsa lamulo la zilango pa South Africa, Reagan anakana kusayina koma iwo anavotanso nkumuposa mphamvu.

Malume G: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwirako ntchito ku ofesi ya kazembe kunja kwa zaka zingapo ndisanapume, sindinali bwana ayi, ndinali wa m'munsi wolemba malipoti ndi kuthamanga ndi mapepala. Zonse mwanenazi ndi zoona ndipo sindikutsutsa. Koma a Phiri musaiwale kuti mu February 1984 ndi KK wanu yemwe, Kenneth Kaunda, amene analandira nthumwi za Angola ndi za South Africa ku Lusaka, Crocker ali pomwepo, nkugwirizana kuti asilikali a South Africa abwerere kuchoka kumwera kwa Angola. Kaunda ankadana ndi tsankho kuposa tonsefe pano koma anakumanapo ndi Vorster, mtsogoleri wa boma la South Africa, pa mlatho wa Victoria Falls mu 1975, anakumananso ndi PW Botha mu 1982. Samora wa ku Mozambique naye anasayina pangano la Nkomati ndi Botha pa 16 March 1984, loti Mozambique isasunge ANC ndipo South Africa isathandize zigawenga za Renamo. Ntchito imeneyi mphwanga Nangozo ndi yokhala pansi ndi munthu amene mtima wako sukumufuna, kumupatsa moni, kumwa naye tiyi, mawa kubwereranso. Ukaona kuti zimenezo sungathe ndiye ganizanso bwino.

Phiri wa ku Lusaka: Zoona malume koma KK amakambirana uku akusunga ANC m'nyumba mwake. Crocker amakambirana uku boma lake likupatsa Savimbi, mtsogoleri wa gulu la UNITA lomenyana ndi boma la Angola, mizinga ya Stinger kuyambira 1986. Sizofanana

Malume G: Pamenepo ndiye sindikana

Nangozo: Malume ndiye ntchito ya tsiku ndi tsiku imakhala yotani kwenikweni? Ife m'kalasi timangomva za mapangano akuluakulu

Malume G: Iwe mapangano akuluakulu amabwera mwina kamodzi pa moyo wa munthu, ena amapuma osaonako nkomwe. Ntchito yeniyeni ndi pepala. Mmawa uwerenge manyuzipepala onse a dziko limene uliko, umvere wailesi, ulembe lipoti la tsamba limodzi lopita kumudzi lonena chimene chachitika ndi chifukwa chake chikutikhudza, ndipo likhale lalifupi chifukwa bwana alibe nthawi. Kalata yopita ku boma la eni dziko timaitcha note verbale, ili ndi kalembedwe kake, ukaphonya mawu amodzi imabwerera. Ndimakumbuka usiku wina pa msonkhano wa mayiko tinakhala mu chipinda chopanda mawindo kuyambira 8 koloko madzulo mpaka cha m'ma 3 mbandakucha, tiyi atazizira, aliyense atavula jekete, tikukangana pa liwu limodzi lokha, kaya tilembe kuti mayiko akudzudzula kapena akudandaula. Mnzanga wa dziko lina anali ndi pensulo yofiira, amangozunguliza liwulo osayankhula, foni ili pakhutu kudikira kwawo amuuze. Ukaona kunja ungati ndi zachibwana koma liwu limenelo ndi limene nduna yako idzayankhire mafunso chaka chamawa. Ndiye pali ntchito ina imene palibe amaitchula, m'bale wathu wamwalira kunja alibe mapepala, iwe ndi amene upite ku mochale, uyimbire abale ake kumudzi, uthamange ndi zikalata kuti thupi likwere ndege. Wina wamangidwa, upite kundende ukamuone. Zimenezo ndi zimene ndimazikumbuka kwambiri kuposa maphwando.

Sajeni Wopuma: Malume anena zoona. Ndiwonjezereko mbali yathu ya yunifolomu. Anthu a mabuku amakonda kunena kuti Crocker ndi amene anabweretsa ufulu wa Namibia, koma tebulo lija linasuntha chifukwa cha nkhondo imene inachitika ku Cuito Cuanavale ku Angola kumapeto kwa 1987 ndi kuyamba kwa 1988. Castro anawonjezera asilikali mpaka kufika cha m'ma 50,000, ena anawatsitsira kufupi ndi malire a Namibia, ndege za South Africa sizimalamuliranso mlengalenga ngati kale, ndipo anyamata achizungu anayamba kubwerera kwawo m'mabokosi. Apo mpamene Pretoria inayamba kumva. Mandela yemwe atapita ku Cuba mu 1991 anayamikira nkhondo imeneyo poyera. Kazembe amakolola pamene msilikali walima, ine ndimaona choncho.

Aphunzitsi Opuma: A Sajeni, zoona koma onjezani Gorbachev. Soviet Union inali itatopa ndi kulipira nkhondo za kutali, ndipo mu zokambirana za 1988 anthu a ku Moscow anali kumbali akukankha anzawo a Luanda ndi Havana kuti agwirizane. Ndiye mbali zonse zinali zitatopa nthawi imodzi. Funso limene mwanayu ayenera kuliyankha mu pepala lake ndi ili, pamene onse anatopa, bwanji sanangobalalika, bwanji panapezeka pangano lolembedwa kale mwatsatanetsatane loti asayine? Yankho ndi lakuti munthu uja anakhala zaka 7 akuzungulira ndi pepala lomwelo anthu akumunyoza, amadziwa aliyense pa tebulo, amadziwa chimene aliyense angalole ndi chimene sangalole. Anayamba ku London mu May 1988, kenako Cairo, New York, Geneva, Brazzaville maulendo angapo, mpaka pa 22 December 1988 Angola, Cuba ndi South Africa anasayina ku likulu la United Nations ku New York. Ndipo chomvetsa chisoni, mkulu wa United Nations woona za Namibia, Bernt Carlsson wa ku Sweden, anafa dzulo lake pa ndege ija inaphulitsidwa ku Lockerbie, akupita ku mwambo womwewo. Chisankho chinachitika November 1989, Sam Nujoma analumbira pa 21 March 1990, ndipo asilikali omaliza a Cuba anachoka ku Angola mu 1991.

Mbewe wa ku Joni: Koma nkhondo ya ku Angola sinathe a Sir, inapitirira mpaka Savimbi anaphedwa mu 2002

Aphunzitsi Opuma: Sinathe ndithu. Pangano lija silinakhudze za UNITA ndipo chimenecho mwanayu alembenso.

Nachisale: Pepani ndalowa mochedwa ndinali kumunda. Ine za ma PhD sindizidziwa koma zaka zimenezo ndimazidziwa bwino chifukwa kwathu ndi ku Dedza m'malire mwenimweni, ukawoloka msewu uli ku Mozambique. Cha mu 1986 anthu a ku Angonia anayamba kubwera, poyamba awiriawiri kenako mudzi wonse. Ndimakumbuka mayi wina anafika pakhomo pathu dzuwa likulowa, mwana kumbuyo, pamutu mtolo womanga ndi chitenje muli mphika umodzi ndi mthiko, mapazi atang'ambika chifukwa anayenda usiku kudzera m'phiri kuopa msewu. Amayi anga sanamufunse dzina, anangotenga madzi otentha mu beseni nkumuika mapazi, kenako nkumuphikira phala. Anakhala kuseli kwa khola lathu zaka 6. Chichewa chake ndi chathu chimodzimodzi, mfunda wake Phiri ngati ife. Ndiye mukamakamba za mapangano ine ndimaona mapazi amenewo. Nkomati anasayina 1984 koma ife anthu anatifikira 1986, ndiye pepala lija linateteza ndani?

Sajeni Wopuma: Silinateteze munthu azakhali chifukwa South Africa inapitiriza kuthandiza Renamo mobisa, zinaululika mu 1985 pamene anapeza zikalata ku Gorongosa. Ife tinatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala kuyambira 1987 ndipo anzathu ena sanabwerere. Othawa nkhondo kuno anapitirira 1 miliyoni nkhondo isanathe mu October 1992

Phiri wa ku Lusaka: Komanso tisabise, nthawi imeneyo a Malawi munali mbali yovuta. Mu September 1986 Samora, KK ndi Mugabe anapita ku Blantyre kukamuuza Kamuzu maso ndi maso kuti Renamo ikudutsira kwanu. Patangotha mwezi Samora anafa pa ndege ku Mbuzini pa 19 October

Aphunzitsi Opuma: A Phiri mwakhudza pamene ndimafuna kufika. Ife a Malawi tisamuloze chala Crocker ngati kuti mfundo yake ndi yachilendo kwa ife. Kamuzu anatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967, anapitako yekha mu 1971, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinachokera komweko. Naye ankati kukambirana ndi kumene kungasinthe azungu aja, kuwasala sikungathandize. Kazembe wathu woyamba kumeneko, a Joe Kachingwe, anali munthu wakuda yekhayo pakati pa akazembe ku Pretoria. Tangoganiza mwana wanga, kudzuka mmawa uliwonse kukaimira dziko lako mu mzinda umene anthu a khungu lako saloledwa kukhala pa benchi imodzi ndi mzungu. Ndiye kumbali inayi kuli a David Rubadiri, kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations mu 1964, amene atasemphana maganizo ndi boma pambuyo pa mkangano wa nduna uja anatula pansi udindo mu 1965 nkupita kukaphunzitsa ku Makerere, kenako mayiko ena mpaka Botswana. Anakhala kunja zaka pafupifupi 30, anadzabwereranso pa mpando wa ku United Nations mu 1997, kenako nkukhala mkulu wa University of Malawi mu 2000. Ngati ukufuna munthu wa kalasi ndi ukazembe wa kwathu konkuno ndi ameneyo. Wina anatsala nkumagwira, wina anachoka. Tsiku lina nawe udzafika pa mphambano imeneyo ndipo sukulu imene uli nayo ndi imene idzakupatse kolowera ukadzasankha kuchoka.

Nangozo: A Sir zimenezi sindinaziganizepo. Ndiye kuti kazembe alibe maganizo akeake?

Malume G: Ali nawo, koma amawanena mkati, mu lipoti, kwa bwana wake, mwaulemu ndi umboni. Akatuluka panja amanena za boma. Ukalephera kupirira umatula pansi, sumapita pa Facebook. Ndipo ndikuuze chimodzi chimene anzanga sanatchule chokhudza Crocker yemweyo ndi Mozambique, chifukwa azakhali a Nachisale afunsa funso lolemera. Ku Washington kunali gulu lamphamvu, akina Senator Jesse Helms, limene limafuna kuti America ithandize Renamo ngati mmene imathandizira Savimbi, ati ndi omenyana ndi chikomyunizimu. Crocker ndi ofesi yake anakana, ndipo Samora analandiridwa ndi Reagan ku White House mu September 1985. Kenako State Department inatuma munthu wina dzina lake Robert Gersony kuti akayende m'misasa ya othawa nkhondo, kuphatikizapo kuno ku Malawi. Iyeyo anakhala pansi ndi anthu pafupifupi 200 mmodzimmodzi, kuwafunsa unachoka liti, unaona chiyani, anachita ndani, nkumalemba. Lipoti lake linatuluka mu April 1988 ndipo linati anthu wamba amene Renamo inapha akhoza kukwana 100,000. Kuchokera apo zonena zothandiza Renamo zinazilala ku Washington. Ndiye azakhali, mawu a anthu ngati mayi uja anagona kuseli kwa khola lanu anakafika mpaka kumeneko, mochedwa inde, koma anafika chifukwa wina anatenga kope ndi cholembera nkukhala pa mphasa.

Nachisale: Zimenezo sindimazidziwa malume. Azungu a makope amabwera ndithu, ife timangoti ndi a ufa

Mbewe wa ku Joni: Chabwino pa Mozambique ndamupatsa. Koma pa South Africa maganizo anga sasintha, anawapatsa mpweya azungu aja nthawi imene amafunika kubanika

Sajeni Wopuma: Mtsikana ngati ulowedi ntchitoyi uphunzireko za chitetezo, usamangoti ndi za asilikali. Anyamata athu anatumizidwa ku DRC mu 2013 limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, amene amakambirana kuti apite angati, achite chiyani, alipira ndani, ndi anthu a masuti ku New York, ku Addis Ababa ndi ku Gaborone. Akakhala kuti sadziwa kusiyana kwa kampani ndi bataliyoni amene amavutika ndi mwana wa eni ali m'tchire

Nangozo: Ndamva a Sajeni. Nanga polowera penipeni ndi pati? Anzanga amati popanda wachibale kapena chipani sungapite ku embasy

Malume G: Mipando ya pamwamba yambiri amasankha ndi apulezidenti, zimenezo zili choncho m'mayiko ambiri ngakhale ku America, Crocker yemweyo sanakwere makwerero a mu unduna, anachita kusankhidwa kuchokera ku yunivesite. Koma pansi pake pali anthu a ntchito amene amalowa ngati wina aliyense wa m'boma, malo akalengezedwa umafunsira, intavyu, nkuyamba pa desiki ku Capital Hill zaka zingapo usanatumizidwe kunja. Amenewo ndi amene amasunga mafayilo maboma akamasintha. Langizo langa, phunzira chilankhulo china msanga. Aliyense amathamangira French, nzabwino, koma ife tazunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu, katundu wathu amadzera Beira ndi Nacala, koma a Malawi olankhula Chipwitikizi chenicheni cha pa tebulo ndi owerengeka. Chachiwiri sankha nkhani imodzi uidziwe kuposa wina aliyense. Crocker anasankha kumwera kwa Africa ali mnyamata ndipo pamene mwayi unabwera panalibe womuposa mu chipani chawo. Iwe ukhoza kusankha nkhani ya nyanja ndi Tanzania mwachitsanzo, uwerenge pangano la Britain ndi Germany la 1890 lija mzere ndi mzere, uwerenge zimene zinachitika kuyambira 2012 pamene a Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, analowererapo, udziwe mfundo za anzathu a ku Tanzania bwino ngati mmene iwo akuzidziwira. Kapena za malonda a COMESA, kapena za madzi a Zambezi. Komanso usamangoyang'ana boma lokha, kuli SADC, African Union, United Nations, ndi kuphunzitsa kumene.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo uzilemba. Crocker atachoka m'boma mu 1989 anabwerera ku Georgetown, anakhala wapampando wa bodi ya United States Institute of Peace zaka 12, nkulemba mbali yake yonse ya nkhaniyi. Nchifukwa chake lero iwe ukuwerenga za iye. Akazembe athu angati amene anaona zinthu zazikulu anapita nazo kumanda osalemba kanthu? Malume G ndikunena inu

Malume G: Ndamva a Sir, makope ndili nawo mu sutikesi

Nangozo: Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse. Ndaganiza kuti ndilemba za Crocker yemweyo koma ndiyambira pa lipoti la Gersony lija ndi anthu a m'malire, kenako ndibwerere ku Namibia. Azakhali a Nachisale, kodi agogo akadali ndi mphamvu zoti ndingabwere kudzacheza nawo holide ikubwerayi? Ndikufuna ndimve kwa iwo eni za mayi uja ndi ena amene anabwera

Nachisale: Alipo, makutu okha ndi amene avuta ndiye uzidzayankhula mokweza. Ubwere tikamaliza kukolola. Mwana amene anali kumbuyo uja pano ndi bambo wa ana 4, amakhala ku Ulongwe wa ku Angonia ndipo amabwera kudzagulitsa mbatata tsiku la msika, ndimuuza adzakhalepo